Kutula pansi udindo mu komiti ya sukulu ya mkombaphala popanda kuimitsa phala

Sukulu zambiri za mkombaphala za m'midzi, zija akuboma amazitcha CBCC, zimayenda ndi mphamvu za anthu ochepa: alezi awiri kapena atatu ogwira ntchito mongodzipereka, ndi komiti ya makolo ya anthu pafupifupi 10. M'komitimo katundu weniweni amasenza ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma. Mmodzi wa atatuwa akangosiya kubwera osanena, choyamba kuima ndi phala, chifukwa kiyi wa kosungira ufa ali kwa iye, ndalama ya chigayo ili m'foni mwake, ndipo ndandanda wa amayi ophika uli m'mutu mwake. Phala likaima sabata imodzi, ana amayamba kujomba, alezi amagwa ulesi, ndipo kudzutsanso sukuluyo kumavuta kuposa mmene kuiyambitsa kunavutira.

Kutula udindo si kulakwa. Mwana wanu wafika zaka 6 ndipo akukayamba Sitandade 1, mukusamuka, thupi silikulola, kapena mwangotopa. Chofunika n'chakuti zonse zimene zili m'nyumba mwanu, m'foni mwanu ndi m'mutu mwanu zisamukire m'buku la komiti, anthu akuona.

Sankhani nyengo

Yambani mwatsegula malamulo a komiti ngati analembedwa. Onani kutalika kwa nthawi ya udindo, masiku a chidziwitso, ndi amene amagwirizira mpando ukakhala wopanda munthu. Ngati malamulowo kulibe kapena sanatchule zimenezi, perekani chidziwitso cha mwezi wathunthu. Msungichuma apereke miyezi iwiri, chifukwa za kubanki zimachedwa.

Nthawi yoipitsitsa yochokera ndi kuyambira Januwale mpaka Malichi. M'makomo ambiri chimanga chimakhala chitatha, makolo ali kumaganyu, zosonkha sizibwera, ndipo ana amadalira kwambiri phala la kusukulu. Munthu watsopano akalandira udindo pamenepo amayamba ndi kosungira kopanda kanthu, ndipo anthu amamuweruza ndi vuto limene sanaliyambitse. Novembala ndi Disembala nawonso si abwino ngati sukulu ili ndi munda, pakuti mbewu, feteleza ndi masiku olimira zimafuna munthu mmodzi wozitsatira mpaka kupalira.

Nthawi yabwino ndi pambuyo pokolola, cha mu Juni kapena Julayi. Chimanga cha kumunda wa sukulu chimakhala chitatonoledwa, makolo apereka zosonkha zawo, katundu yense amawerengeka, ndipo wolowa m'malo amakhala ndi tchuthi chonse chokonzekera kutsegulira kwa mu Sepitembala. Matenda kapena kusamuka kwadzidzidzi sikudikira nyengo, n'zoona. Zikatero, pemphani wachiwiri wanu agwirizire, koma kuwerengera ndalama ndi katundu kuchitikebe musananyamuke, ngakhale pa tsiku limodzi.

Uzani anthu motsatana

Dongosolo lake ndi ili: anzanu a m'komiti, kenako amfumu, kenako alezi, kenako woona za chitetezo cha ana m'dera lanu kapena ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya kuboma, limodzi ndi mpingo kapena bungwe limene limathandiza sukuluyo, ndipo pomaliza makolo onse pamsonkhano. Zonsezi zichitike m'sabata imodzi kapena ziwiri. Nkhani ikayamba kumveka pamjigo amfumu asanauzidwe, imafika kwa iwo itasintha kale: mwathawa chifukwa mwadya ndalama, kapena mwayambana ndi alezi.

Kwa amfumu musatumize mwana ndi kalata. Pitani nokha ndi mnzanu mmodzi wa m'komiti, mulankhule kaye, kalata ibwere pambuyo. Kalata yotulira udindoyo ikhale yaifupi, yopita kwa mlembi wa komiti (kapena kwa wapampando ngati mlembiyo ndinu), ndipo itchule zinthu zinayi: udindo umene mukutula, tsiku lomaliza, tsiku limene mukupempha kuti muwerengere katundu ndi ndalama, ndi kuti mudzathandiza wolowa m'malo kwa nthawi yakuti. Mwachitsanzo: "Ndikudziwitsa komiti kuti ndidzatula pansi udindo wa msungichuma pa 31 Julayi. Ndikupempha kuti pa 15 Julayi tikumane kuti ndionetse mabuku, ndalama ndi katundu yense pamaso pa komiti ndi nthumwi ya amfumu. Ndidzakhala wokonzeka kuthandiza amene adzasankhidwe kwa milungu inayi." Lembani makope awiri, limodzi alisainire kuti alandira, mulisunge.

Chifukwa chochokera sichifunika kutambasulidwa. Ngati ndi mkangano, kalata si malo ake. Zimene mwalemba mutakwiya zimatsala m'faelo ndipo zimawerengedwa ndi anthu amene sanaone chiyambi chake. Nenani nkhawa zanu pakamwa pamsonkhano wa komiti, zilowe m'mfundo za msonkhano mwachidule.

Pali chifukwa chimodzi chimene sichilola kungochoka mwakachetechete. Ngati mukutula chifukwa mwaona mwana akumenyedwa, akugwiridwa mosayenera kapena akuchitidwa nkhanza ina iliyonse, kutula udindo sikuthetsa kanthu. Kanenani kwa woona za chitetezo cha ana, ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu, kupolisi kunthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Nkhani yotere si yokambirana pansi pa mtengo n'kukhululukirana.

Ndalama

Apa ndi pamene maina a anthu abwino amaonongekera, kawirikawiri osati chifukwa cha kuba, koma chifukwa cha ndalama zimene zinatuluka osalembedwa. Khalani pansi ndi mlembi sabata imodzi tsiku lowerengera lisanafike. Yambirani pa tsiku lomaliza limene makolo anawerengeredwa ndalama pamsonkhano. Lembani imene inalipo tsikulo, onjezani zonse zolowa, chotsani zonse zotuluka, muone ngati yotsalayo ikufanana ndi imene ilipodi.

Tiyerekeze kuti panali K40,000, makolo asonkha K95,000, ndipo zotuluka za chigayo, shuga, mchere ndi sopo wa alezi zakwana K110,000. Buku likunena kuti patsale K25,000. Ngati m'manja muli K19,000, K6,000 yosowayo isabisike. Fufuzani kaye m'malo amene ndalama zimakonda kutayikira: thiransipoti ya kumsonkhano wa kuboma, ndalama imene amadula potapa pafoni, chigayo chimene sichipereka lisiti, chipepeso cha pamaliro chimene komiti inagwirizana pakamwa. Chimene mwachikumbukira chilembedwe, ndipo munthu amene analipo asainire. Imene yakanikiratu kupezeka, inenedwe pamaso pa komiti, mugwirizane kabwezedwe kake ndi tsiku lake, zilembedwe. Musakonze manambala akale m'buku kuti agwirizane. Kufufuta kumodzi kokha kumapangitsa anthu kukayikira buku lonse.

Lembani ngongole za mbali zonse ziwiri. Mbali ina ndi makolo amene sanamalize kusonkha, ndi aliyense amene anabwereka ndalama ya sukulu. Mbali inayo ndi amene sukulu ili nawo ngongole: wachigayo, wagolosale, mmisiri amene anakonza chitseko, alezi amene analonjezedwa kangachepe koma sanalandire. Ngati ndalama ya sukulu inalowetsedwa ku banki mkhonde m'dzina lanu kuti ichuluke, lembani gulu lake, kuchuluka kwake ndi mwezi wogawana, ndipo wapampando wa gululo adziwitsidwe pamaso pa mboni kuti ndalamayo ndi ya sukulu. Kunena zoona, ndalama ya phala la ana siyenera kupita kumeneko, ndipo kuchoka kwanu ndi mpata wabwino woti mchitidwewo uthe.

Ngati inuyo munaikapo ndalama yanu ya m'thumba, sankhani lero: mwapereka, kapena mukufuna kubwezeredwa. Ngati mukufuna kubwezeredwa, ilowe pamndandanda wa ngongole, komiti ivomereze. Musadzibwezere nokha kuchokera ku ndalama imene mukusunga, ndiponso musatenge poto kapena thumba la chimanga ngati chikole.

Makomiti ambiri amalandira zosonkha pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, pa nambala ya msungichuma. Nambala ya foni imalembetsedwa pa chiphaso cha munthu mmodzi, choncho kungopereka simukhadi ndi nambala yachinsinsi kwa wina kumasiya dzina lanu pa ndalama zimene simukuziona. Tumizani yotsalayo ku nambala ya msungichuma watsopano komiti ikuona, lembani nambala ya uthenga wotsimikiza m'buku, ndipo lengezani nambala yatsopano kwa makolo. Ena adzapitirizabe kutumiza kwa inu kwa mwezi umodzi kapena iwiri. Itumizeni tsiku lomwelo, ndipo muuzeni mlembi.

Ngati sukulu ili ndi akaunti kubanki kapena ku SACCO (bungwe la mamembala losunga ndi kubwereketsa ndalama), kusintha osainira kumafuna mfundo za msonkhano umene unasankha anthu atsopano, kalata ya komiti, ndi ziphaso za unzika za osainira atsopano. Funsiranitu kunthambi yanu ngati pali zina zowonjezera, kuti musawononge thiransipoti kawiri. Mpaka banki itasintha, siginecha yanu ndiyo ikugwirabe ntchito. Pitirizani kusainira pokhapokha mwaona mfundo za komiti zovomereza ndalamayo, ndipo musasaine pepala lotapira ndalama lopanda manambala pofuna kupeputsira anzanu ulendo.

Chakudya ndi katundu

Musawerenge matumba ndi maso. Thumba limene aliyense amalitcha la makilogalamu 50 limatha kukhala la 42 litatapidwa kangapo. Bwerekani sikelo, yezani lililonse, masulani, pisani dzanja mpaka pakati. Mukaona ufa pansi pa thumba ndi timabowo m'maso a chimanga, anankafumbwe alowa. Chimanga, soya kapena mtedza wa chuku, wosintha mtundu kapena wonunkha chinyontho, usaperekedwe kwa ana ngakhale utasankhidwa pamwamba, chifukwa chuku chimatha kusiya poizoni amene satha ndi kuphika. Lembani padera chabwino ndi choonongeka, ndipo choonongekacho chitayidwe komiti ikuona. Matumba asanjikidwe pa mitengo kapena pathandala, osagunda khoma.

Wolowa m'malo safuna kudziwa makilogalamu okha. Akufuna kudziwa kuti chakudyacho chifika tsiku liti. Yezani ufa umene amayi amaphika tsiku limodzi. Ngati ndi makilogalamu 3, ufa wa makilogalamu 50 ukwana masiku a sukulu 16, kutanthauza milungu itatu ndi tsiku limodzi. Lembani tsiku limene ufa udzathere pamwamba pa pepala loperekera katundu. Lembaninso kasakanizidwe kamene mumatsata, monga magawo anayi a chimanga pa gawo limodzi la soya wokazinga, ndi chigayo chimene mumapita.

Kenako yendani m'nyumba mwanu ndi pepala. Kwa zaka zingapo katundu wa sukulu amazolowera pakhomo pa wapampando mpaka ana a m'nyumbamo amayesa ndi wawo: poto wamkulu, ndowa, makapu ndi masipuni, mikeka, makasu a kumunda, zidole ndi mabuku a zithunzi, bokosi la mankhwala a chithandizo choyamba, njinga ngati inaperekedwa. Chilichonse chilembedwe ndi chiwerengero chake ndi mmene chilili: chabwino, chong'ambika, chosowa. Katundu amene anabwera ndi bungwe kapena boma amakhala ndi pepala limene munasaina polandira. Lipezeni, chifukwa akadzabwera kudzayendera adzafunsa amene anasaina. Njinga kapena foni imene munalandira kumaphunziro chifukwa cha udindo ndi ya udindowo, pokhapokha ngati amene anapereka ananena momveka kuti ndi yanu. Pokayika, afunseni iwowo, osati kudzigamulira.

Makiyi onse abwezedwe, ndi apadera omwe. Ngati kiyi wina anasowa kale, gulani loko watsopano. Zimateteza inu kuposa wina aliyense ufa ukadzasowa. Perekaninso chidindo, buku la mfundo za misonkhano, buku la ndalama, buku la alendo, kaundula wa ana, ndi pepala lililonse losonyeza kuti sukulu inalembetsedwa kuboma.

Nkhani ya malo imaiwalika, koma ndiyo imatseka sukulu. Kawirikawiri munthu amene anali patsogolo ndiye anabwereketsa munda, kapena nyumba yophunziriramo ili pamalo a banja lake. Pamene ali pampando palibe amafunsa. Akachoka, kapena akamwalira, abale amafuna malo awo, nthawi zina chimanga chili m'munda. Ngati malowo ndi anu kapena a kwanu, khalani pansi ndi amfumu, eni mbumba ndi komiti musanatule. Lembani malire, ngati mwapereka kapena mwabwereketsa, kwa zaka zingati, ndi chidziwitso chimene sukulu idzapatsidwe malowo akadzafunika. Ngati mukufuna munda wanu ubwerere, nenani pokolola, osati mvula itagwa.

Zimene zili m'mutu mwanu

Izi sizioneka pa tsiku lowerengera, ndipo n'zimene wolowa m'malo amavutika nazo kwambiri. Tengani kope latsopano, mulembe: ndandanda wa amayi ophika ndi otunga madzi, ndi amene amabweretsa nkhuni, pangano lililonse la pakamwa ndi alezi, kaya ndi sopo pamwezi, kaya kuwalimira munda, mabanja amene komiti inawakhululukira kusonkha, ndi chifukwa chake, masiku amene alangizi a zaumoyo amabwera kudzayeza ana sikelo kapena kudzapereka katemera, malipoti amene amapita kuboma kapena kubungwe, amene amalemba ndi amene amalandira, maina ndi nambala za foni za alangizi, malonjezo amene sanakwaniritsidwe, monga malata amene wina analonjeza, ntchito zimene zatsala pakati, monga chimbudzi chimene chatsala pang'ono kudzaza kapena mpondagiya (posambira m'manja) wothyoka. Mvula isanayambe, chimbudzi ndi posambira m'manja zikhale pamwamba pa mndandandawo, poti aliyense akukumbukira mmene kolera anavutira mu 2022 ndi 2023.

Za ana amene ali ndi vuto la thanzi, ulumali kapena zovuta za kunyumba, samalani. Zimene mlezi ayenera kudziwa kuti mwana asavulale, monga khunyu kapena chakudya chimene chimamuwenga, ziperekedwe kwa mlezi ndi wapampando watsopano, kholo likudziwa. Zina zonse zimene makolo anakuuzani mwachinsinsi sizilowa m'kope, sizinenedwa pamsonkhano, ndipo zimakhalabe chinsinsi ngakhale mutatula udindo.

Chisankho

Musasankhe nokha wolowa m'malo. Mukhoza kulimbikitsa anthu awiri kapena atatu kuti aime, koma asankhe ndi makolo, pamsonkhano umene amfumu aitanitsa ndipo walengezedwa sabata imodzi usanachitike. Munthu woikidwa ndi amene akuchoka amamvedwa ndi theka la mudzi. Pewani tsiku la msika, ndipo kukagwa maliro sunthani tsiku m'malo mosankha ndi anthu asanu. Ngati n'kotheka, woona za chitetezo cha ana kapena wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi ayendetse chisankhocho, inu mukhale pansi ngati kholo.

Musanavote fotokozani ntchitoyo moona: misonkhano ingati pamwezi, maulendo angati, ndi kuti malipiro palibe. Amene amalowa poyembekezera ma alawansi a kumaphunziro sachedwa kuzimiririka. Mlembi akhale wodziwa kulemba bwino. Msungichuma akhale wodziwa kuwerengera, wokhazikika m'mudzi, ndipo asakhale wa nyumba imodzi ndi wapampando kapena ndi osainira ena. Kholo limene mwana wake ali ndi zaka 3 ndi labwino kuposa la mwana wa zaka 5, chifukwa likhalapo nthawi yaitali. Abambo asasiyire amayi komiti yonse ngati kuti ntchito yake ndi kuphika kokha. Ndipo atatu apamwamba asachoke tsiku limodzi ngati zingapeweke. Mmodzi atsale teremu imodzi.

Tsiku loperekera

Lichitikire pasukulu, masana, osati pakhomo panu. Pakhale wolowa m'malo, a m'komiti osachepera atatu, mlezi mmodzi ndi nthumwi ya amfumu. Wolowa m'malo awerenge yekha ndalama, ayeze yekha matumba, ayese makiyi pamaloko. Pansi pa tsamba lomaliza la buku la ndalama jambulani mzere, lembani tsiku ndi ndalama yotsala m'manambala ndi m'mawu, nonse musaine kapena kudinda chala. Pepala la katundu likhale ndi makope atatu: la komiti, la amfumu, lanu. Lijambuleninso pafoni. Pamsonkhano wa makolo wotsatira, mlembi awerenge mokweza zimene zinaperekedwa.

Milungu inayi yotsatira

Sabata yoyamba yendani limodzi ndi watsopanoyo: kuchigayo, kwa amfumu, kwa alangizi, mumuonetse kwa aliyense amene munkagwira naye ntchito. Sabata yachiwiri atsogolere iye, inu mukhale pambali. Ziwiri zomalizazo dikirani kufunsidwa. Pagulu la WhatsApp la komiti, mupatseni u admin, kenako tulukani.

Makolo ndi alezi adzapitiriza kubwera kwa inu ndi madandaulo, chifukwa anazolowera. Yankho likhale limodzi, laulemu: "Mayi, nkhaniyi ndi ya apampando atsopano, tiyeni ndikuperekezeni." Mukangoweruza nkhani imodzi pakhonde panu, mwapanga makomiti awiri. Mukaona cholakwika, muuzeni watsopanoyo pa awiri, ndipo ngati n'chokhudza ndalama kapena chitetezo cha ana, chipite kumsonkhano wa komiti. Ngati mwana wanu akadali pasukulupo, sonkhani pa nthawi yake ndipo fikani pa tsiku lanu lophika kapena lolima, chifukwa ena akuyang'ana ngati munkalimbikira ana kapena mpando.

Nthawi zina tsiku lomaliza limafika popanda wofuna udindowo. Musangopitiriza mwakachetechete, chifukwa chisankho sichidzachitikanso. Wachiwiri wanu agwirizire kwa nthawi yotchulidwa, monga teremu imodzi, ndipo ntchito igawidwe: wina ayang'anire phala, wina munda, wina zosonkha. Lembani zimenezi m'mfundo za msonkhano, perekani mabuku ndi makiyi monga mmene zafotokozedwera pamwambapa, ndipo pemphani amfumu ndi woona za chitetezo cha ana kuti aitanitse msonkhano wina wa makolo teremuyo isanathe.